Makoko mu Mpendero

Diresi lija linali la nsalu ya matiresi. Amayi anatumbula matiresi akale amene ine ndi msuweni wanga tinkagonapo, thonje lake nakalitaya kuseri, nsaluyo naichapa mpaka mizere yake yabuluu inasuluka. Analisoka pamanja atakhala pakhonde, singano ili pakamwa akamayeza. Mpendero wake anaupinda waukulu, wokwana zala zinayi, ndipo pachifuwa anasokerapo nyenyezi yachikasu imene anaidula ku kapulana, chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Fungo lake ndimalimvabe: sopo wamtanda, ndi thukuta lathu lakale limene sopoyo analephera kulichotsa. Linali diresi losaoneka bwino, lopanda lamba, lolendewera ngati thumba. Ine ndinkalifuna kuposa chovala china chilichonse mu Tete. Koma silinali langa. Kuyambira tsiku limenelo tinkagona pamphasa, ndipo m'mawa uliwonse nthiti zanga zinkandikumbutsa kuti matiresi anga avalidwa ndi munthu wina.

Tinkakhala ku Mpadue, dera lina la mzinda wa Tete, m'nyumba ya malata ya zipinda ziwiri. Amayi ankagulitsa kachewere ndi kabichi kumsika. Katunduyo ankabwera naye amalume, mlongo wawo wa amayi, pa kamiyau, lole yochokera kumapiri a ku Tsangano. Bambo anga anatsala ku Malawi, kumene amayi anathawira nkhondo ndi kumene ine ndinabadwira. Nkhondo itatha amayi anabwerera ku Mozambique ndi ine kumsana, koma bambowo sanatitsatire. Choncho mpaka nditafika zaka khumi ndi ziwiri, amayi anali anga ndekha. Sanali munthu wa mawu ambiri, sanali wokumbatira mwana. Chikondi chawo chinali kukuikira kachewere wamkulu m'mbale mwako osanena kanthu. Zinali zochepa, koma zinali zanga.

Chaka chimenecho amalume anabwera ndi mwana wawo wamkazi kuti adzamalize sukulu mumzinda. Anandiposa ndi chaka chimodzi, koma anamuika m'kalasi mwanga. Anali woonda, wamasaya osweka ndi chisanu cha kumapiri, ndipo ankadya pang'onopang'ono ngati akupepesa. Mayi ake anamwalira iye ali khanda, nthawi ya nkhondo. M'nyumba mwathu mawu akuti nthawi ya nkhondo anali chitseko. Akanenedwa, nkhani yatha.

Sabata yoyamba yomwe ndinaona kachewere wamkulu akupita m'mbale ina. Amayi ankamuluka tsitsi okha, atamukhazika pakati pa miyendo yawo, pamene langa ankaluka mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Akatsokomola, amayi ankasiya chimene akuchita. Akachedwa kumpopi, amayi ankakaima panjira dzanja lili pamphumi. Ine ndikadandaula kuti mutu ukuwawa, yankho linali limodzi: "Iwe ndiwe wolimba." Mawu amenewo ndinadana nawo. Ndinkafuna kukhala wofooka kuti nanenso andione, koma thupi langa linkakana, linkangonenepa ndi kutalika.

Aphunzitsi athu a Chipwitikizi anali bambo wamtali wadazi, amene ali mnyamata anakagwirako ntchito m'fakitale ku Jeremani. Lachisanu lililonse, dzuwa likafika poti malata a kalasi ayamba kulira, ankatitulutsa kukakhala pansi pa mtengo wa pabwalo, natiwerengera buku lokhuthala lothothoka chikuto. Linali la Ayuda amene anatsekeredwa m'misasa ya waya waminga pa nkhondo yaikulu ya ku Ulaya, osati polakwa kanthu, koma chifukwa anabadwa Ayuda. "Anthu awiri a m'bukuli wolemba anachita kuwapeka," ankatero aphunzitsi, "koma msasawo ndi weniweni. Ine ndinaima pachipata chake ndi miyendo yangayi." Anatiuza za anthu ometedwa mpala, olembedwa manambala pamkono, za zipinda zimene anthu ankalowa osatulukanso, ndi za utsi umene sunkaleka. Akafika pamenepo ankatseka bukulo nayang'ana chakumtsinje.

Koma tinali ana, ndipo chimene tinkadikira kwenikweni chinali chikondi. Mtsikana wa m'bukulo ankasenda kachewere kukhitchini ya alonda. Mnyamata ankaswa miyala mbali ina ya waya. Sankaloledwa kulankhulana. Mtsikanayo ankabisa makoko a kachewere m'chovala chake, nakawasiya pansi pa mwala pafupi ndi waya, mnyamatayo n'kuwatola pochokera kuntchito. Makoko amenewo ndiwo anamusunga ndi moyo nyengo yonse yozizira. Ine amene tsiku lililonse ndinkakhuthulira mbuzi za anthu makoko odzaza beseni, nkhani imeneyi inandikhudza. Ndinayamba kuwayang'ana makokowo ndisanawataye.

Tsiku lina ndinathamangira kunyumba kuti ndikawafotokozere amayi. Ndinawapeza akusankha kachewere wowola m'thumba. Ndinafotokoza bwino, ndi manja omwe, monga aphunzitsi ankachitira. Nditafika pa mwala uja, manja a amayi anaima m'thumbamo.

"Basi," anatero. "Za kusukulu zizitsala kusukulu."

Patapita masiku ochepa, ndikuchokera kumpopi, ndinawamva kuseri kwa nyumba akulankhula chapansipansi ndi msuweni wanga. "Ndiye mwalawo unali pati? Palibe anamuona? Nanga mnyamatayo ankadziwa bwanji kuti lero pali kanthu?" Msuweni wanga, amene Chipwitikizi chake chinali chopunduka, ankasokoneza nkhaniyo, kuika zam'mbuyo patsogolo. Amayi ankamvetsera ngati akumva uthenga wa kwawo. Ndinaima pakona ya nyumba chidebe chili pamutu, madzi akundichucha kumsana. Nkhaniyo ndinabwera nayo ndine. Anaikana m'kamwa mwanga, naipempha m'kamwa mwake.

Chaka chikupita kumapeto, aphunzitsi anati tichite sewero la bukulo pamaso pa makolo. Ine ndinaloweza mawu onse a mtsikana uja asanasankhe n'komwe. Ndinali woyamba m'kalasi pa Chipwitikizi, ndipo sindinkaona wina wondilanda malowo. Koma tsiku losankha, aphunzitsi sanatifunse mawu. Anaimiritsa atsikana tonse kutsogolo nati, "Ndionetseni munthu wozizidwa."

Inali nyengo ija ya ku Tete imene mwala umakuwotcha ngakhale uli pamthunzi, imene mbuzi zimagona pansi pa magalimoto malilime ali kunja. Ife ana a mumzinda kuzizidwa tinkangokumva. Ndinagwedeza mapewa ndi mawondo, kugundanitsa mano mwamphamvu, kalasi yonse n'kufa nako kuseka, wina nati ndikuvina. Itafika nthawi ya msuweni wanga, iye sanagwedezeke n'komwe. Anangolowetsa manja m'khwapa, kubweza khosi m'mapewa, kupinda zala za kumapazi, nayamba kupumira pakamwa pang'onopang'ono. Kuseka kunatha. Thukuta likutitsika, tonse tinamva kuzizira.

"Iwe," anatero aphunzitsi. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe uli ndi mawu, ndi msinkhu. Udzakhala mlonda."

Anandipatsa jekete lawo lakale lakhaki, lamba wachikopa ndi ndodo. Zovala zanga zinabwera zosokasoka. Panalibe choti amayi andisokere.

Atamaliza kusoka diresi lija, amayi anayamba kumuphunzitsa msuweni wanga. Madzulo aliwonse akabwera kumsika, asanasambe n'komwe, ankamuveka diresilo, kulowetsa makoko mumpendero pa kampata kamene anasiya osasoka, n'kumuuza kuti ayende kuchokera pakhomo kukafika pampanda. Mawu awo ndimawakumbukira onse, chifukwa ndinkawamvera pafupi, ndikunamizira kutsuka mbale.

"Osagwira pamene wabisapo. Dzanja limaulula."

"Usamuyang'ane kumaso, koma usazolikenso kwambiri. Yang'ana lamba wake."

"Usafulumire. Wofulumira ndiye amaitanidwa."

"Ukasiya pamwala, osacheuka. Ukafuna kumuona mnyamatayo, muone ndi m'mbali mwa diso."

Lero ndimadabwa kuti sindinadzifunse kuti mayi wogulitsa kabichi, wosadziwa kuwerenga buku, zimenezi anazidziwira kuti. M'buku la aphunzitsi munalibe za lamba, munalibe za m'mbali mwa diso. Koma maso anga sanali pamenepo. Anali pa dzanja la amayi limene linkakonza khosi la diresi, n'kutsalira pang'ono patsaya la msuweni wanga.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinavala jekete langa, kumanga lamba, n'kukaima patsogolo pawo. "Nanga ine, amayi? Mlonda amayenda bwanji?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, maso awo n'kudzaima palamba. "Zimenezo akuphunzitse aphunzitsi ako," anatero, nalowa m'nyumba.

Ndinadziphunzitsa ndekha. Ndinkapita kuseri kwa bwalo la mpira, kumene kunali mlambe waukulu ndi mbuzi zosowa mbusa, n'kumazikalipira m'Chipwitikizi. Ndinapeza kuti kukuwa sikuopsa kwenikweni. Choopsa ndi kuyenda mosafulumira, kuzungulira munthu, kumugogoda ndi nsonga ya ndodo, kenaka n'kulankhula motsitsa. Mkwiyo sindinachite kuufunafuna, ndinali nawo wokwanira. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzasewera bwino kuposa aliyense, kuti amayi afune asafune adzandiyang'ane. Mwana ameneyo sindimuweruza. Anapatsidwa ndodo, ndipo anaganiza kuti ndi ndodoyo adzagogoda pamtima pa mayi ake.

Kutatsala masiku ochepa, amalume anafika ndi kamiyau. Atatsitsa matumba anakhala pa limodzi la matumbawo, akupukuta thukuta ndi chipewa. Mwana wawo anatuluka atavala diresi lija, amayi ali pambuyo. Amalume anamuyang'ana akuyenda kupita kumpanda, akuwerama, akusiya makoko pansi pa mwala, osacheuka. Anandikodola ine, ndipo ndinanyadira kuti afunsa ine osati iye.

"M'buku mwanumo, pamapeto pake, onse awiri akhala moyo?"

"Inde, amalume. Kubwera asilikali ena n'kutsegula zipata. Afunanafunana, kenaka apezana, n'kukwatirana."

"Onse awiri."

"Onse awiri."

"Wolembayo ndi munthu wachifundo," anatero. Anadzuka nakagwada pafupi ndi tayala la kamiyau, nalipenda nthawi yaitali, ngakhale linalibe vuto.

Sewero linachitika Loweruka m'mawa, pabwalo la sukulu. Makolo anakhala pamabenchi, ena ataimirira pansi pa maambulera. Kunja kwa mpanda amayi ena ankagulitsa masau ndi madzi oundana a m'timapepala. Waya wathu unali chingwe chomangirira minga ya mthethe. Anyamata awiri anakwera pamadesiki n'kumawaza phulusa kuti likhale chisanu chogwa kumwamba, ndipo phulusalo linkamatirira pa thukuta la osewera. Amayi anakhala pabenchi yoyamba. Amalume anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chipata.

Ndili kuseri kwa nsalu ndinkasuzumira. Msuweni wanga anali kusenda kachewere. Amayi anali ataweramira kutsogolo, milomo yawo ikuyenda. Pamene iye ankapita kumwala, ndinaona dzanja la amayi likukanikiza bondo lawo ngati akumuuza kuti usafulumire. Ndinalowa kawiri m'zigawo zoyamba, kuwerenga akaidi, kuwakalipira. Anthu anang'ung'udza, ena anaseka ndi mantha. Amayi sanatembenuze mutu ngakhale kamodzi.

Kenaka inafika nthawi yanga yeniyeni, pamene mlonda amamugwira mtsikanayo. Ndinatuluka mosafulumira. Ndinamuimitsa ndi ndodo pachifuwa. Ndinamuzungulira, jekete likundiwotcha, fumbi likulowa m'zala. Iye ankayang'ana lamba wanga, monga anamuphunzitsira. Ndinagogoda mapewa ake, m'chiuno, kenaka mpendero. Ndinawerama n'kukoka ulusi umene aphunzitsi anati ndidzakoke, makoko n'kukhuthukira pansi. Ndinanena liwu langa motsitsa, "Ladra," ndiko kuti wakuba. Ndinamuloza pansi, iye n'kugwada. Ndinakweza ndodo. Malinga ndi sewero, ndinayenera kumenya pansi pafupi ndi iye, fumbi libuke, nsalu itsekedwe.

Ndodo isanatsike, amayi anali pakati pathu.

Sindinawaone akudzuka. Ndinangowaona atagwada m'fumbi patsogolo panga, msuweni wanga ali kumbuyo kwawo. Ankaomba m'manja pang'onopang'ono, monga munthu amachitira kwa wamkulu woopedwa. Sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana lamba wanga. Mawu awo anali aang'ono, a mtsikana, mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Chonde bwana, musamumenye. Ali ndi pakati. Ndaba ndine. Menyani ine."

Kenaka anatembenuka chogwada, natsitsa bulauzi paphewa, kundipatsa msana. Zipsera zija ndinkazidziwa. Ndinkaziona tikamasamba, mizere yotuwa yopingasana, ndipo anandiuza kalekale kuti anagwera paminga ali mwana.

Ana anayamba kuseka, poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Makolo olankhula Chinyungwe ankafunsana kuti wati chiyani mayiyu. Koma amayi ena achikulire a ku Angonia, olankhula Chichewa ngati ife, anzawo a kumsika, sanaseke. Wina anagwira pakamwa. Wina anafunda kapulana kumutu. Aphunzitsi anaima pambali, pepala la sewero lili m'manja, atasowa chochita. Ine ndodo inali m'mwamba, dzanja litauma.

Amalume anadutsa pakati pa mabenchi osathamanga. Anawabwezera amayi bulauzi paphewa, nawagwira m'khwapa. "Dzuka, mlongo wanga. Ndi ana awa. Kuno ndi ku Tete." Amayi anayang'ana uku ndi uku, mabenchi, maambulera, phulusa. Ine sanandiyang'ane. Anatuluka pachipata atatsamira amalume.

Sewero linapitirira. Zipata zinatsegulidwa, mnyamata ndi mtsikana anapezana, anthu anaomba m'manja. Aphunzitsi ananena pamaso pa onse kuti mlonda ndiye wasewera bwino kuposa wina aliyense. Panalibe wanga woti amve.

Ndikabwerera m'mtima wa mwana uja, sindipezamo mantha kapena chisoni. Ndimapezamo chinthu chimodzi. Amayi anga, amene sanagwadirepo munthu kumsika, amene ankakangana ndi amuna a makamiyau maso ndi maso, anagwada pamaso pa sukulu yonse chifukwa cha iye. Ananama chifukwa cha iye. Anapereka msana wawo chifukwa cha iye. Ndipo woti amutetezere anali ine. Ndinapita kunyumba ndekha, jekete lili m'manja, ndikulira ndi ukali.

Pofika Lolemba, mawu a amayi anali atazungulira sukulu yonse, koma anazungulira atatu okha: ali ndi pakati. Atsikana ankamuyang'ana pamimba msuweni wanga akamadutsa. Anyamata ankatchulana maina kuti mwini wake ndani. Wina anapeka kanyimbo. Kumpopi amayi ena ankati zoona zimatuluka choncho, mayi sanganene zotero pagulu popanda kanthu. Msuweni wanga ankangodutsa atazolika. Anapitabe kusukulu masiku ochepa, kenaka m'mawa wina anangokhala pamphasa osavala yunifolomu, ndipo palibe anamukakamiza.

Aphunzitsi anabwera kunyumba. Anaima pampanda, osalowa, akupotokola chipewa m'manja. Anati akanadziwa sakanachititsa sewerolo. Amayi anali atakhala pakhonde, atafooka ngati munthu wochira malungo. "Simunalakwe, aphunzitsi," anatero. "Anthu akewo anavutika. Ana adziwe." Aphunzitsi anapempha kuti mwanayo abwerere, adzalankhula ndi kalasi, mayeso ali pafupi. Koma amalume anali ataganiza kale. Anati ku Tsangano palibe amene adzamuyang'ane pamimba.

Tsiku lonyamuka, amayi anamuluka tsitsi komaliza. Ine ndinakhala patali, ndikutola timiyala. Asanakwere kamiyau, msuweni wanga anabwera pamene ndinali. "Unasewera bwino," anatero. "Ndinachita mantha enieni." Ankanena zoona, mopanda chinyengo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Sindinamubayibitse. Kamiyau itakhota, ndinamva mtima wanga ukupepuka, ndipo ndinathamangira m'nyumba kukayala mphasa yonse ndekha. Iye kusukulu sanabwererenso. Lero amalima kachewere kwawo, ali ndi ana ndi zidzukulu, ndipo tikamalankhula pafoni amandiseka kuti ndinabadwa ndi mawu a mlonda. Za tsiku lija sanandisungire kanthu. Ine ndi amene ndimawerengera zimene anataya.

Nkhani yonse ndinaimva ndili mayi kale, titaika maliro a amayi ku Tsangano. Amalume anandiuza masana, tikuyenda m'munda mwawo, akuzula udzu apa ndi apo kuti asandiyang'ane. Anthu a mfuti anawagwira m'mudzi, iwo ndi amayi, nawatengera kumsasa wa kuthengo. Amalume ankasenza katundu, ndipo osenza katundu ankadya zotsala ngati zatsala. Amayi, ali mtsikana, anaikidwa kophika, pamodzi ndi mtsikana wina wogwidwa kumudzi wina. Mtsikana ameneyo anawaona amalume akugwa ndi njala, nayamba kubisa nkhoko za mumphika mumpendero wa nsalu yake, kukazisiya pamphanda ya mtengo. Anakondana momwemo, mwakabisira, popanda ukwati, popanda wodziwa kupatula amayi. Tsiku limene mtsikanayo anagwidwa ndi nkhokozo anali ndi pakati pooneka. Amalume anamangidwa pamtengo womwewo, akuona zonse. Amayi ndiwo anagwada. Anamenyedwa mpaka kukomoka, koma mlamu wawo sanakhudzidwe. Patapita miyezi anathawa atatu, kulunjika kumalire. Mwana anabadwira m'njira, m'phanga, mayi ake n'kutaya magazi ambiri mpaka kumwalira. Amayi ndiwo anamunyamula khandalo kukalowa naye ku Malawi, akumunyowetsa milomo ndi madzi a m'chikhatho.

"Sizofanana ndi za m'buku lija," anatero amalume. "Awo ankafuna kuwatha onse, mtundu wonse. Ife tinali nyama zonyamula katundu basi. Koma mwana wanga atawerama pamwala paja, ndinaona mayi ake." Anazula udzu wina, kenaka anati, "Kungoti kwathu kuno wolemba analibe chifundo."

Zonsezi mwana wa zaka khumi ndi ziwiri uja sankazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti nyumba yabwerera mwakale, koma amayi sanabwerere. Kachewere wamkulu anayambanso kugwera m'mbale mwanga, koma amayi ankamuika akuyang'ana kwina. Jekete ndi lamba ndinali nditabweza kwa aphunzitsi, komabe ndikalowa mwadzidzidzi m'chipinda, mapewa awo ankadzidzimuka.

Madzulo ena, dzuwa likufiira kutsidya kwa mtsinje, tinakhala pakhonde tikuchotsa masamba ofota pa kabichi wa mawa. Kunali kotentha kopanda mphepo. Funso linali litandikhala mumtima kuyambira tsiku la sewero, ndipo linatuluka lokha.

"Amayi, akanakhala kuti wogwada ndine, ndodo ili kwa iye, mukanabwera?"

Anapitiriza kusenda kabichi. Kenaka anaika mpeni pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire sewero lija anandiyang'ana kumaso, nthawi yaitali, ngati akuwerenga mphuno, maso ndi masaya anga kuti zonse zilipo.

"Iwe ndinakubereka nditawoloka kale," anatero. "Chibadwire chako sindinagwadirepo munthu chifukwa cha iwe. Palibe anakukwezerapo ndodo. Ndipo ndimapempha Mulungu tsiku lililonse kuti ndidzafe zili choncho."

Anatola mpeni napitiriza ntchito. Mawu awo anali ofewa, ndipo pakamwa pawo panali kanthu konga kumwetulira, kumene sindinakumvetse. Mayi ameneyu anali atangondionetsa chinthu chokhacho chimene anapambana pa moyo wake wonse, mwana mmodzi wonenepa, waphokoso, wosadziwa kuzizidwa, wosadziwa poyang'ana mlonda akamalankhula. Ine ndinafunsa funso la inde kapena ayi, ndipo m'mawu onsewo inde sindinamumve. Ndinadzuka, kusiya kabichi wanga wosamaliza, n'kukakhala kuseri kwa nyumba nditafulatira, kudikira kuti abwere adzandinyengerere.